Gitala ya Msana wa Fulu: Mmene Archtop Imapangidwira ndi Chifukwa Chake Imalira Chonchi

Munthu akaigwira koyamba gitala ya archtop, kawirikawiri amakhumudwa. Maonekedwe ake amalonjeza zambiri: mimba yotukumuka ngati msana wa fulu, mabowo awiri opindika ngati a vayolini m'malo mwa bowo limodzi lozungulira lija, utoto wachikasu pakati n'kumadera chakumphepete ngati thambo dzuwa likamalowa. Ndiye umakhala pansi n'kuikhwatcha mofatsa, monga umachitira ndi gitala ya kwaya. Mawu otulukawo amakhala ouma, aafupi, ongoti kho! basi azimirira. Besi yokoma yonjenjemera pamimba ija osaimva. Ambiri amaibweza pomwepo, mumtima akuti ndalama zonsezo anthu amangolipirira utoto.

Inenso ndinaganiza choncho tsiku limene mnzanga wina woimba jazz anandigwiritsa yake, imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Tinali mu holo yopanda anthu, tikuyeserera nyimbo. Sanalimbane nane. Anangoti, "Achimwene, tapitani mukaime kukhomo uko." Nditaima kukhomoko, anayamba kuimenya ndi pick yokhuthala, kapulasitiki kokhwatchira mawaya kaja, kanayi kanayi, dzanja likutsika molemera. Wa ng'oma analowa, wa besi analowa, koma gitala ija sinamire. Inkadutsa pakati pawo ngati singano pansalu, popanda waya wa magetsi ngakhale umodzi. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti amene anaipanga ankaganizira khutu la munthu wovina kumapeto kwa holo. Woiimbayo, amene waikumbatira pachifuwa, ndiye amamva zochepa kuposa wina aliyense.

Zonse zokhudza gitala imeneyi zimachokera pamenepa.

Vuto limene inabwera kudzathetsa

Chiyambi chake chili ku Kalamazoo, m'boma la Michigan ku America. M'zaka za m'ma 1890, Orville Gibson ankakhulupirira kuti thabwa lopindidwa mokakamiza limataya mawu, ndipo kuti mandolin ndi gitala ziyenera kusemedwa monga amisiri a vayolini amachitira. Mu 1898 analandira chiphaso cha boma choteteza kapangidwe kake ka mandolin, ndipo mu 1902 anthu asanu amalonda anakhazikitsa kampani yotchedwa dzina lake. Magitala oyambawo anali osemedwa ndithu, koma bowo linali lozungulira, matabwa anali okhuthala, ndipo mawu sanali ochuluka.

Amene anamaliza ganizoli ndi Lloyd Loar, woimba mandolin wodziwanso sayansi ya mawu, amene anagwira ntchito ku Gibson kuyambira 1919 mpaka kumapeto kwa 1924. Gitala yake, L-5, ndiyo mayi wa ma archtop onse amene tikuwadziwa lero. Inali ya mainchesi 16 m'mimba mwake, pafupifupi masentimita 41, ya mabowo awiri ooneka ngati chilembo cha f, ndipo mkati mwa khosi munali chitsulo chowongolera khosilo likafuna kupindika. Mtengo wake unali madola 275, ndalama zoopsa nthawi imeneyo, ndipo poyamba sinayende malonda.

Sinayende chifukwa m'magulu oimba nyimbo zovina mfumu inali banjo. Aliyense amene anamvapo nyimbo za Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band akudziwa mmene banjo imaboolera phokoso lina lililonse. Ku America nakonso kunali choncho: pakati pa malipenga, gitala wamba inkangooneka ndi maso. Zinthu zinayamba kusintha mu 1925, makampani ojambula nyimbo atayamba kugwiritsa ntchito maikolofoni. Kavinidwe nakonso kanafewa, kugunda kwa nyimbo kukuyenda kanayi mosalala, ndipo kulira kwa banjo kunayamba kumveka kwaukali mopitirira. Pankafunika chida chamawu ozungulira ngati gitala koma cholasa ngati banjo.

Eddie Lang wa ku Philadelphia, amene dzina lake lenileni linali Salvatore Massaro, ndiye anaonetsa oimba anzake kuti chidacho chilipo kale. Ndi L-5 yake ankaperekeza woimba wotchuka Bing Crosby, ndipo mu 1928 ndi 1929 anajambula nyimbo za magitala awiri ndi Lonnie Johnson, katswiri wa blues. Lang anali mzungu, Johnson wakuda, ndipo pa malekodi amenewo Lang analembedwa dzina lakuti Blind Willie Dunn. Ndimakonda kukumbukira zimenezi chifukwa zikusonyeza kuti jazz ndi blues zinakumana pa gitala iyi kuyambira pachiyambi. Lang anamwalira mu 1933 ali ndi zaka 30 zokha, koma pofika nthawi imeneyo oimba banjo ambiri anali atayamba kale kuphunzira gitala kuti ntchito isawathere. Ngakhale Maybelle Carter, mayi wa nyimbo za country, ankaimba L-5 ya 1928 pafupifupi moyo wake wonse.

Zimene zili m'thabwamo

Pa gitala wamba ya nkhope yafulati, kamtengo kamene mawaya amatsamira, kamene oimba amati bridge, n'komata ndi guluu, ndipo mawaya amathera pomwepo. Ukakhudza waya, bridge imagwedezeka cham'tsogolo ndi cham'mbuyo, n'kumapotokola thabwa lopyapyala lija. Thabwalo limayankha msanga ngakhale ukhudze pang'ono, ndipo mawu amakhalitsa.

Pa archtop mawaya amangodutsa pamwamba pa bridge n'kukamangidwa pa chitsulo cha kumchira kwa gitala. Bridge siimatidwa ayi. Imene imaigwira ndi mphamvu ya mawaya yokanikiza pansi. Amene anapangapo banjo ya chigubu ali mwana akudziwa zimenezi: kamtengo kaja umangokalowetsa pansi pa mawaya, ukakunga kamakhala, ukamasula kamagwa. Ndiye thabwa la archtop silipotokoledwa, limakankhidwa pansi ndi kubwerera m'mwamba ngati chikopa cha ng'oma. Thabwa lafulati likanikizidwa chotero kwa zaka lingabonyoke. Lotukumuka limapirira, monga dzira limakanira kusweka ukalifinya kunsonga zake ziwiri.

Kutukumukako mmisiri amakusema. Amatenga mtengo wa spruce wowazidwa, zidutswa ziwiri zochokera pamalo amodzi, n'kuzilumikiza pakati kuti mizere ya mtengo ifanane uku ndi uku. Thabwalo limayamba lili lokhuthala pafupifupi inchesi imodzi. Amayamba ndi tchizulo, kenako tizopalira ting'onoting'ono togwira ndi zala ziwiri, pomaliza kachitsulo kopalira kamene kamachotsa fumbi lokha. Amasema kunja, n'kutembenuza, n'kukumba mkati ngati akusema chipande. Pakati, pamene bridge idzakhale, amasiyapo pokhuthala. Akamayandikira m'mphepete amapepula, ndipo chakumapeto kwenikweni amakumba kangalande kosaya kozungulira gitala yonse.

Kangalande kameneka ndi komwe ine ndimayamba kuyang'ana ndikaigwira archtop. Tsegulani sipika yakale muone: pakati pali pepala lolimba, m'mphepete muli mphira wofewa wolola pepalalo kuyenda. Kangalande kaja kamagwira ntchito ya mphirayo. Mmisiri akasiya pokhuthala, gitala imakhala bubu. Akapitiriza kupala, imalira bwino chaka choyamba kenako nkhope imayamba kumira. Palibe muyeso umodzi wokwanira matabwa onse, chifukwa mitengo iwiri ya phiri limodzi imasiyana kulimba. N'chifukwa chake wosema amaima pafupipafupi, n'kulinyamula thabwalo ndi zala ziwiri, kuligogoda ndi chala, kulipinda pang'ono m'manja, kumvetsera, n'kupalanso. Msana ndi m'mbali mwake amagwiritsa ntchito maple, mtengo wolimba umene umabweza mawu mowala, ndipo msanawo nawo amausema chimodzimodzi.

Mkati, pansi pa nkhope, muli nthiti ziwiri zokha. Pena amazigoneka motsatana m'litali mwa gitala, iliyonse pansi pa phazi la bridge. Pena amazipingasa ngati chilembo cha X. Zotsatana zimapereka mawu amphamvu, olasa, ozimirira msanga. Zopingasa zimafewetsa mawu ndi kuwatalikitsa pang'ono. Gibson inayesa zopingasa pa L-5 chapakati pa zaka za m'ma 1930, n'kubwerera ku zotsatana pofika 1939. Woimba m'gulu lalikulu amafuna zotsatana. Woimba yekha pakhonde mwina angakonde zopingasa.

Nanga mabowo awiri aja? Bowo lozungulira limadula thabwa pakati penipeni, pamene mphamvu ya mawaya imadutsa. Mabowo a f amakhala m'mbali, motero mizere ya mtengo imayenda yosadukiza kuchokera kukhosi mpaka kumchira, ndipo chigawo chapakati chimamasuka kuti chivine. Ngakhale kathabwa kotchinga kuti pick isakande utoto sikakhudza nkhope, kamalenjekeka m'mwamba. Nsonga ya khosi nayo imadutsa pamwamba osagona pathabwa. Chilichonse anachikonza kuti thabwa lisagwidwe ndi kanthu.

Zotsatira zake ndi mawu amene amatuluka onse nthawi imodzi, ngati chitseko chomenyetsedwa, ndipo mphamvu yake ili pakatikati, pamene khutu la munthu limamva kwambiri. Besi yochepa ija si chilema. M'gulu muli kale woimba besi, ndipo gitala yodzaza ndi mawu apansi imangodetsa madzi. Kuzimirira msanga nakonso n'kofunika: chord, mawu a mawaya angapo olira pamodzi, ikatha msanga imasiyira malo inzake yotsatira. Ubwino wina ndi wakuti ukamaimenya kwambiri imangowonjezera mawu, pamene gitala yafulati imafika pena n'kuyamba kutsamwa.

Freddie Green

Kuti mumve zonsezi ndi makutu anu, fufuzani nyimbo za gulu la jazz la Count Basie. Freddie Green, woimba gitala, analowa m'gululi mu 1937 ndipo anakhalamo mpaka imfa yake mu 1987, zaka 50, Basie mwini wake atamwalira kale mu 1984. Pafupifupi nthawi yonseyi ankaimba popanda ampulifaya, pakati pa malipenga opitirira khumi, ndipo sankaimba solo, ndiye kuti chigawo chomveka iye yekha, kupatula mwa apo ndi apo. Ntchito yake inali kugunda kanayi, kanayi, usiku wonse, m'zaka zoyambirira limodzi ndi besi ya Walter Page ndi ng'oma za Jo Jones.

Gitala ankaigoneka pamiyendo mopendekera, nkhope ikuyang'ana kumwamba, kuti msana wake usakhudze mimba yake n'kuphedwa mawu. Mawaya anali okhuthala ndipo anawakweza kutali ndi khosi moti oimba ena akaigwira ankalephera kuwakanikiza. Zala zake zinkaoneka ngati zagwira chord yonse, koma mawaya ambiri ankangowatseka, olira n'kukhala awiri, atatu, nthawi zina umodzi. Enawo ankangopereka kaphokoso ka "tchaki" kolowana ndi ng'oma. Poyamba simungamumve. Mvetserani kachiwiri, pansi pa malipenga, ndipo mukangomupeza simudzamutayanso. Kwa ine uyu ndiye mwini wake wa gitala imeneyi, kuposa akatswiri a zala zothamanga amene anabwera pambuyo.

Magulu atakula, magitala nawo anakula. Epiphone ya ku New York inatulutsa magitala ake a Masterbilt mu 1931. Gibson inabweretsa Super 400 mu 1934, ya mainchesi 18, dzina lake likuchokera pa mtengo wake wa madola 400, pa nthawi imene anthu miyandamiyanda ku America analibe ntchito. L-5 inakulitsidwa kufika mainchesi 17. Epiphone inayankha ndi Emperor, yoposa Super 400 ndi theka la inchesi. Ku Boston, Elmer Stromberg ndi bambo ake Charles ankapanga Master 400 ya mainchesi 19. Green anaimbapo Emperor, kenako Stromberg, pomaliza Gretsch. Ku New York komweko, John D'Angelico anatsegula kashopu pa Kenmare Street mu 1932 ndipo pofika imfa yake mu 1964 anali atapanga magitala 1,164. Wophunzira wake Jimmy D'Aquisto anapitiriza ntchitoyo mpaka 1995. Mu 2011 magitala a awiriwa anaonetsedwa ku Metropolitan Museum of Art, nyumba yosungiramo zaluso zapamwamba.

Ya anthu osauka

Woimba blues wa ku Mississippi kapena wa m'makwalala a Chicago sakanatha kugula Super 400. Koma maonekedwe a archtop atatchuka, makampani a Harmony ndi Kay a ku Chicago anayamba kupanga zotchipa zambirimbiri, zina zogulitsidwa kudzera m'kabuku ka malonda ka Sears, kofika ndi positi mpaka kumidzi. Gibson nayo, m'zaka za njala ya ndalama za m'ma 1930, inali ndi magitala otchipa otchedwa Kalamazoo.

Awa sankasemedwa. Ankatenga thabwa lopyapyala, nthawi zambiri la birch, kulifewetsa ndi kutentha, n'kulikanikiza m'chikombole. Pa otchipitsitsa, mzere woyera wa m'mphepete unali penti chabe, ndipo ngakhale mawangamawanga a mtengo ankachita kujambula. Mawu ake ndi opyapyala, a m'mphuno, okhala ngati akuuwa. Woimba jazz angawanyoze, koma mu blues mawu amenewa ali ndi malo ake. Mawaya akakhala m'mwamba, monga zimakhalira pa magitala akale oterewa, botolo kapena kachitsulo kotsetsereka pa chala kamayenda bwino osagunda ma fret, tizitsulo topingasa pakhosi tija, ndipo kuuma kwa mawuwo kumasiyira mpata liwu la woimba. Ine sindiwaona ngati ma L-5 olephera. Ndi chida china, cha ntchito ina.

Magetsi atafika zinthu zinasokonekera pang'ono. Gibson ES-150 ya 1936 inali archtop yoikidwa pickup, kachipangizo kotengera mawu a mawaya ku ampulifaya, ndipo Charlie Christian, atalowa gulu la Benny Goodman mu 1939, anasonyeza kuti gitala ingaimbe solo ngati lipenga. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1942 ali ndi zaka 25. T-Bone Walker naye ankaimba solo pa gitala ya magetsi mu blues. Koma thabwa losemedwa bwino likayandikira sipika limayamba kulira lokha, ndiye makampani anayamba kupanga nkhope za pulayiwudi, zosagwedezeka kwambiri, monga ES-175 ya 1949. Ndi gitala yabwino zedi ikalumikizidwa, koma mukazula waya mawu ake ndi ochepa. Amene ankafuna zonse ziwiri ankagula pickup ya DeArmond yokoleka pa kandodo kachitsulo, yosaboola thabwa. Mpaka lero njira yake ndi yomweyo: pickup yolenjekeka kunsonga ya khosi kapena pa kathabwa kotchinga kaja.

Mukafuna yanu

Masiku ano mawu akuti archtop amanena zinthu zitatu zosiyana, ndipo ogulitsa ambiri safotokoza: yosemedwa, yathabwa lenileni koma lokanikizidwa, ndi ya pulayiwudi. Zonse zimaoneka zokongola pa chithunzi. Ngati m'mphepete mwa bowo la f simunakutidwe ndi pulasitiki, yang'anani pamenepo ndi tochi ya foni. Pulayiwudi imaonetsa mizere yosanjikizana ngati buledi wopaka. Thabwa lenileni mizere yake imatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako yendetsani chala kuchokera pakati kupita kumphepete, mumve ngati kangalande kaja kalipo. Ngati pankhope abooledwa kuti alowetse ma pickup awiri ndi timabatani tinayi, imeneyo ndi gitala ya magetsi yovala malaya a archtop.

Zatsopano zotengera kapangidwe kakale zilipo. Eastman, kampani ya ku Beijing imene inayamba ndi mavayolini, imasema zake ndi manja. The Loar inapanganso zosemedwa ku China potengera L-5 yoyamba ya mainchesi 16. Godin 5th Avenue ya ku Canada ndi yamatabwa osanjikiza, yopepuka, mawu ake akuyandikira aja a Harmony ndi Kay, ndipo kwa woimba blues ndi poyambira pabwino. Ku Kalamazoo, m'fakitale yakale ya pa 225 Parsons Street imene Gibson inasiya mu 1984, amisiri otsala anayambitsa Heritage chaka chotsatira. Kwa munthu woimba yekha kapena m'kagulu ka anthu atatu, ine ndinganene kuti mainchesi 16 ndi okwanira, ndipo phewa silitopa.

Yakale yeniyeni ili ndi fungo lake ndi mawu ake, koma ili ndi matenda akenso. Onani ngati nkhope yamira pafupi ndi mabowo. Onani timagudumu tiwiri tokwezera bridge: ngati tatsitsidwa mpaka pansi koma mawaya akadali m'mwamba, khosi lagwa ndipo lifunika kuzulidwa n'kuikidwanso, ntchito yodula yofuna mmisiri wodziwa. Pulasitiki yakale ya celluloid, ya m'mphepete ndi ya kathabwa kotchinga, ikakalamba imanyenyeka n'kumatulutsa mpweya wodya zitsulo. Mukaona dzimbiri lobiriwira pa ma fret oyandikana nako, kachotseni msanga. Lowetsaninso kagalasi pa bowo muone ngati nthiti sizinamatuke.

Ndipo ikafika m'manja mwanu, musaiveke mawaya opyapyala. Thabwa limeneli limadzuka ndi katundu. Mawaya okhuthala a bronze, oyambira pa nambala 12 kapena 13, ndiwo ake, ndi pick yosapindika. Mawaya osalala aja otchedwa flatwound ndi abwino pa ampulifaya, koma popanda magetsi amaigoneka tulo gitala. Posintha, chotsani umodziumodzi. Mukachotsa onse pamodzi bridge imagwa, ndipo mukaibwezera pamalo olakwika gitala yonse imanama ngakhale muichune bwanji. Zikatero musade nkhawa. Timano tapakati pa mabowo a f timaloza pafupi ndi pamene bridge iyenera kukhala. Ikani pamenepo, kungani mawaya, ndipo pa fret ya 12 yerekezani mawu a waya wongokhudzidwa pang'ono ndi a waya wokanikizidwa. Wokanikizidwa akakwera, sunthirani bridge chakumchira. Akatsika, isunthireni chakukhosi. Yambani ndi waya woyamba, kenako wachisanu ndi chimodzi, ndipo mudzaona kuti bridge ikhala mopendekera pang'ono, mbali ya besi ili cham'mbuyo.

Kwa amene ali nayo kuno kwathu, mdani wamkulu ndi nyengo. Spruce ndi maple ndi mitengo ya kumaiko ozizira, ndipo thabwa losemedwa limapuma ndi mpweya. M'dzinja limamwa chinyezi n'kutukumuka, mawaya n'kukwera. Mu Okutobala limauma, nkhope imatsika, mawaya amayamba kukhudza ma fret, ndipo likauma mopitirira limang'ambika, kawirikawiri kuyambira kunsonga ya bowo la f. Timagudumu ta bridge tija tilipo chifukwa cha zimenezi: kwezani pang'ono m'chilimwe, tsitsani mvula ikagwa. Isungeni m'bokosi lake, kutali ndi zenera ndi denga la malata, ndipo musaisiye m'galimoto yotseka masana. Miyezi youma, kasiponji konyowa pang'ono, koikidwa m'kapulasitiki kobooledwa n'kusiyidwa m'bokosimo osakhudza thabwa, kamathandiza kwambiri.

Mukaikonza bwino, musaiweruze muli nokha kuchipinda. Itanani mnzanu wodziwa ma chord atatu, mupatseni pick yokhuthala, mumuuze amenye osaopa, inu mupite mukaime kukhomo.